Chimbudzi chatsopano mamita 11 kuchoka pachitsime: lamulo likuti chiyani?

NyaChibavi
Moni nonse pagulu pano. Funso langa lipite kwa amene mumadziwa za madzi ndi za mapulani a malo. Kudera kwathu kuno ku Mzuzu kuli chitsime chokumba pamanja, chakuya mamita 4, chimene nyumba 12 zimatungapo mpope ukauma. Poloti ya kumtunda kwake yagulitsidwa ndipo mwini wake watsopano wayamba kukumba dzenje la chimbudzi. Tayeza ndi tepi, kuchoka padzenje kufika pachitsime ndi mamita 11. Iwo akuti poloti ndi yawo, palibe wowauza pokumba. Kodi mamita 11 ndi oopsadi kapena tikungodzipatsa mantha? Komiti yathu ikumana Loweruka, tikufuna tikalankhule zomveka.

Mlangizi_Zaumoyo
Amayi, muyezo umene umaphunzitsidwa ndi wa mamita 30 pakati pa chimbudzi ndi chitsime, ndipo chimbudzicho chikhale kumunsi, chitsime kumtunda. Palinso muyezo wachiwiri umene anthu amauiwala: pansi pa dzenje pazikhala dothi louma losachepera mita imodzi ndi theka musanafike pamadzi a pansi. Ndiye tiuzeni ziwiri. Mu Marichi ndi Epulo madzi m'chitsimemo amakwera kufika pati? Nanga dzenjelo akufuna lifike pati?

NyaChibavi
Mu Epulo timatunga ndi kachingwe kakafupi, madzi amakhala ngati mita imodzi kuchoka pakamwa pa chitsime. Dzenje akuti likhala mamita 3.

MmisiriWaMijigo
Basi nkhani yatha pamenepo. Madzi akamakwera kufika mita imodzi, dzenje la mamita 3 ndiye kuti mamita 2 ake adzakhala m'madzi. Dothi louma la pakati lija ndilo sefa. Muli mpweya, muli tizilombo ta m'nthaka timene timadya ta m'chimbudzi, ndipo madzi amatsikamo pang'onopang'ono. Sefa imeneyo ikachoka, chimbudzi ndi chitsime zakhala dziwe limodzi la makomo awiri. Mukadatiuza kuti madzi ali pa mamita 15 m'dothi lofiira la katondo ngati la kuzitunda za Katoto, mamita 11 sakadandiopsa kwambiri. Koma m'dambo, dzenje lili kumtunda, ayi ndithu.

Landilodi_Chiputula
Inu a mamita 30, munaonapo mapoloti a ku Chibavi, ku Salisbury Line kapena ku Ching'ambo? Munthu ali ndi 15 kwa 20, nyumba yake, timidadada tiwiri ta lendi, bafa. Mamita 30 awatenga kuti? Akakumbe kwa aneba? Malamulo ena amalembedwa ndi anthu okhala m'mipanda ya maekala.

Mapulani77
Alandilodi akunena zoona, ndipo nchifukwa chake nkhaniyi ndi ya mapulani a malo, si ya munthu mmodzi. Tiwerengere limodzi. Zunguliza chingwe cha mamita 30 kuchoka pachitsime, malo amene azunguliridwa ndi masikweya mita pafupifupi 2,830. Poloti ya 15 kwa 20 ndi masikweya mita 300. Ndiye kuti chitsime chimodzi chimafuna mapoloti 9 opanda chimbudzi chokumba. Palibe banja limene lingakwanitse lamulo limeneli palokha, ngakhale litafunitsitsa. Lamuloli limatheka pa nthawi imodzi yokha, pamene malo akudulidwa. Wodula mapoloti akasiya malo a chitsime kumtunda, nkuika mzere wa zimbudzi kumunsi kwa mapoloti onse, zimayenda. Akadula mongotsata amene wabwera ndi ndalama, aliyense amakumba chimbudzi kuseri kwa nyumba yake, ndipo kuseri kwa uyu ndi kukhomo kwa uyo. Madera ambiri a mumzinda uno anayamba ndi nyumba, msewu ndi madzi nkubwera pambuyo. Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 134,000 mu Mzuzu, wa 2018 anapeza 221,272. Ambiri mwa owonjezekawo sanalowe m'mapoloti oyezedwa.

Landilodi_Chiputula
Ndiye mwandivomereza. Lamulo losatheka si lamulo.

Mapulani77
Ayi bwana, ndavomereza theka. Pamene mamita 30 sangapezeke, chimodzi mwa ziwirizi chiyenera kusintha: mtundu wa chimbudzi, kapena ntchito ya chitsime. Chitsime chikhale chochapira ndi chomangira, madzi akumwa achoke pampope kapena pakiyosiki. Chimene sichingatheke ndi kukhala nazo zonse, dzenje lakuya, chitsime cha pafupi, ndi ana osatsekula m'mimba.

Kabaza_Katoto
Koma madzi a pachitsime cha m'dambo ndi oyera mbee, ozizira, okoma kuposa a pampope onunkha mankhwala aja. Agogo athu amwa zaka zonsezi.

Mlangizi_Zaumoyo
Achimwene, E. coli, kachilombo kochokera m'chimbudzi, alibe mtundu, alibe fungo. Madzi oyera mbee atha kukhala ndi tizilombo mazana m'kapu imodzi. Ndipo agogo ankamwa pamene dambo lonse linali ndi nyumba zisanu. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anadwalitsa anthu oposa 58,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 1,700, ndipo kuno kumpoto Nkhata Bay, Rumphi ndi Mzimba sanaphonyedwe. Fungo la klorini limene mukudana nalolo ndi mlonda wanu.

Kabaza_Katoto
Mlondayo bili yake ndiye imaluma kuposa kolera.

MayiWaKiyosiki
Zoluma sizinakupezeni inu. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko.

Namadzi_Luwinga
Ndiwonjezere pa za mamita 30, poti ambiri amaganiza kuti nambalayi inagwa kumwamba. Chimene chimapha tizilombo pansi pa nthaka si mtunda, ndi nthawi. Mayiko monga Germany ndi England amagwiritsa ntchito masiku 50: malo onse amene madzi ake angafike pachitsime pasanathe masiku 50 amatetezedwa mwapadera, chifukwa mabakiteriya ambiri oyambitsa matenda a m'mimba amakhala atafa pofika nthawi imeneyo. Tsono mamita amadalira dothi.

Tiyerekeze mchenga wa m'dambo umene mphamvu yake yodutsitsa madzi ndi mamita 10 patsiku, mipata yake ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo madzi a pansi akutsika mita imodzi pa mamita 100 aliwonse. Chulukitsani 10 ndi 0.01, gawani ndi 0.25, mupeza masentimita 40 patsiku. M'masiku 50 ayenda mamita 20, apa mamita 30 akukwana. Koma malo akakhala otsetsereka, kutsika mamita 3 pa 100, liwiro limafika mita 1.2 patsiku. Masiku 50 ndi mamita 60, ndipo mamita 11 a amayi athu aja amatha m'masiku 9 okha. M'dongo lenileni madzi amakwawa, sapita patali. M'thanthwe long'aluka, kapena m'dothi limene muli njira za chiswe ndi mizu yowola, amathamanga mamita ambiri tsiku limodzi, ndipo mamita 30 sathandiza kanthu.

Komanso chitsime chimakoka. Mukamatunga kwambiri, madzi ozungulira amatembenukira kwa inu, ngakhale ochokera kumunsi pang'ono. Mjigo wa pampu ya sola wotulutsa malita 20,000 patsiku umakoka malita 1,000,000 m'masiku 50. Ngati madziwo akuchoka mumchenga wokhuthala mamita 10, dera lokokedwalo limafika mamita pafupifupi 11 kuzungulira. Ngati akuchoka m'ming'alu ya thanthwe, momwe mipata ndi imodzi pa 100, limafika mamita 56. Pampu yomweyo, malo osiyana, mpanda wosiyana.

GogoWaMasasa
Mwana wanga, masamu akowo ndaamva theka, koma la masiku 9 ndalimvetsa.

MmisiriWaMijigo
Tisaiwalenso kuti zitsime zambiri zimaipitsidwa ndi pakamwa pake pomwe, chimbudzi chisanafike nkomwe. Pamjigo, pakati pa paipi ya kesing'i ndi khoma la bowo pamatsala mpata. Kumunsi timathiramo timiyala tosefa, koma kumtunda mamita osachepera 3 payenera kuthiridwa simenti yosakaniza ndi madzi kuti patsekeke. Wokumba wachinyengo amangobwezeramo dothi lomwe latuluka, nkupaka simenti pamwamba kuti pazioneka bwino. Mvula ikagwa, madzi a pabwalo amatsika ndi paipiyo mpaka pansi ngati akutsika pamakwerero. Chizindikiro chake nchosavuta: madzi a mjigo akamada tsiku lomwelo mvula yagwa, dziwani kuti alowera pamwamba. Madzi enieni a pansi sasintha mtundu chifukwa cha mvula ya usiku umodzi.

Pachitsime chokumba pamanja zofunika ndi izi. Khoma la njerwa kapena maring'i, ndipo mamita oyamba a kumtunda apakidwe pulasitala kuti madzi asalowere m'mbali. Khomalo likwere pamwamba pa nthaka kufika m'mawondo. Silabu yovindikira. Simenti yozungulira yotalika mita imodzi kapena kuposa mbali zonse, yopendekera kunja, ndi ngalande yotaya madzi kutali kumunsi. Kangalande kena kumtunda kopatutsa madzi a mvula. Ndowa imodzi ndi chingwe chimodzi chopachika, osati aliyense kubwera ndi chigubu chake chimene chinali pansi kubafa. Kulibwino pampu ya chingwe, imene amisiri ophunzitsidwa ku SMART Centre ya ku Mzuzu amaidziwa bwino. Mpanda mamita 10 kuti nkhumba ndi nkhuku zisafike. Mng'alu umodzi pasimenti ndi wokwana kuononga ntchito yonse.

Kabaza_Katoto
Amisiri, poti muli pano, zija zofufuza madzi ndi timawaya tiwiri zimagwiradi?

MmisiriWaMijigo
M'dambo la Mzuzu ngakhale mutaponya chipewa nkukumba pamene chagwera, madzi muwapeza. Timawaya tisatengepo ulemu.

Mphunzitsi_Zolozolo
Tibwerere kwa amayi. Nanga atamathira klorini kapena kuwiritsa, chitsimecho sichingapitirire?

Namadzi_Luwinga
Pa tizilombo zimathandiza, bola madzi asakhale amatope, ndipo mudikire mphindi 30 mutathira. Klorini wotsala m'madzi azikhala pakati pa 0.2 ndi 0.5 miligiramu pa lita. Koma pali china chimene klorini sachikhudza: nitrate. Amachoka mumkodzo, m'chimbudzi, m'makola ndi mufeteleza, ndipo safa ndi masiku 50 aja, amangoyenda ndi madzi. Kuwiritsa kumamuwonjezera mphamvu poti madzi ena amauluka iye nkutsala. Malire a WHO ndi mamiligiramu 50 pa lita, makamaka chifukwa cha makanda osakwana miyezi 6, amene magazi awo amalephera kunyamula mpweya bwino akamwa madzi otere.

Onani kuchuluka kwake. Munthu mmodzi amatulutsa naitirojeni wokwana makilogalamu pafupifupi 4 pachaka. Tiyerekeze hekitala imodzi ya anthu 200, ndiwo makilogalamu 800. Tingoti gawo limodzi mwa 10 ndilo lafika m'madzi a pansi, makilogalamu 80, ndipo mvula yolowa pansi ndi mamilimita 200 pachaka, amene ndi malita 2,000,000 pahekitala. Zikatero naitirojeni amakhala mamiligiramu 40 pa lita, amene ngati nitrate ndi mamiligiramu pafupifupi 177 pa lita, kuposa katatu malire aja. M'dambo lopanda mpweya wina amatha yekha, nchifukwa chake zitsime zoyandikana zimatha kusiyana, koma phunziro lake ndi loti nyumba zikathithikana, vuto si chimbudzi chimodzi ayi, ndi kuchuluka kwa zimbudzi pahekitala. Apa ndi pamene pulani ya mzinda iyenera kunena kuti dera ili madzi a pansi si akumwanso.

Nkhalango_Nyumba_Yathu
Mukulimbana ndi kachitsime ka nyumba 12 pamene chitsime cha mzinda wonse chili pa chiopsezo chomwecho. Madzi a Northern Region Water Board amene timamwa mu Mzuzu amachoka ku damu la Lunyangwa, ndipo damulo limadzazidwa ndi mvula yogwa m'nkhalango ya Kaning'ina. Linamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mzinda usanafike ngakhale theka la mmene ulili lero. Mtengo uliwonse wogwa kumeneko ndi chimbudzi chokumbidwa kumtunda kwa chitsime chathu tonse.

Nkhalango imagwira ntchito ziwiri. Masamba ndi zinyalala za pansi zimaswa mphamvu ya mvula, madzi amalowa pansi nkumatuluka pang'onopang'ono m'timitsinje mpaka Okutobala ndi Novembala. Mukalambula, madzi onse amabwera tsiku limodzi, damu limasefukira nkutaya, chilimwe mitsinje ili gwa. Yachiwiri ndi kugwira dothi. Milimita imodzi ya dothi yokokoloka pahekitala imodzi ndi makiyubiki mita 10. Simungaione ndi maso, koma pa mahekitala 500 ndi makiyubiki mita 5,000, malo a malita 5,000,000 a madzi ngati lonse litafika m'damu. Chaka ndi chaka.

WaKuPlanti
Ndipo matopewo amafika mpaka m'bili yanu, a Kabaza. Madzi akada, kosefera kumafunika alamu wochuluka woundanitsa matope kuti akhale pansi, masefa a mchenga amatsekeka msanga ndipo amatsukidwa pafupipafupi ndi madzi omwe asefedwa kale, ndiye otumizidwa kumatauni amachepa. Klorini naye sagwira bwino m'madzi amatope, tizilombo timabisala m'timatopemo. Muyezo wa kuda kwa madzi ndi woti asapose 5 NTU, ndipo chofunika kwenikweni ndi kutsika pansi pa 1. Mankhwala onsewa amagulidwa ndi ndalama zakunja. Nkhalango imasefa ulere.

MwanaWaMakala
Zonse mwanenazi nzoona, koma amene mukulemba muno ndinu omwe mumaimitsa njinga ya makala pageti m'mawa. Wootcha saotcha kuti adye makalawo. Magetsi akazima mumaphikira chiyani?

Nkhalango_Nyumba_Yathu
Palibe akukana. Lamulo la nkhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, silikuti makala onse ndi mlandu, likuti makala azikhala ndi chilolezo ndipo achoke ku mitengo yodzalidwa. Komanso si phiri lililonse lili ndi damu kumunsi kwake. Thumba lootchedwa ku Kaning'ina limalipiridwa kawiri, kwa wogulitsa komanso pampope.

MwanaWaMakala
Ndiye wokhala m'mphepete mwa nkhalangoyo, amene mukumuuza kuti asalime, asadule, asaumbe njerwa, iye mumamupatsa chiyani? Madzi amapita kutauni, iye amatsala ndi chiletso.

Mapulani77
Funso limeneli ndi lolemera kuposa onse afunsidwa muno. Mzinda wa New York unakumana nalo. Mu 1997 unasainirana pangano ndi madera a kumapiri a Catskill kumene madzi ake amachokera. Unayamba kugula malo kwa ofuna kugulitsa, kulipirira alimi kukonza makola ndi mosungira ndowe, ndi kukonzetsa matanki a zimbudzi, mmalo momanga fakitale yaikulu yosefera. Ndalama zawo sitingazifanizire ndi zathu, koma nzeru yake ndi yoti wakumwa madzi alipire woteteza madzi. Chiletso chopanda phindu kwa woletsedwayo chimafuna mlonda usana ndi usiku, ndipo mlonda amagona. Kwathu kuno zingakhale ming'oma ya njuchi, ntchito yolambula njira zotchinga moto, kiyosiki ya madzi kumidzi yoyandikana ndi nkhalango, chilolezo chotola nkhuni zouma, bowa ndi masuku.

Dimba_Lunyangwa
Musaiwale ife a madimba. Tomato ndi mpiru mukudyazo zimachoka m'khwawa.

Namadzi_Luwinga
Dimba si mdani, mdani ndi khasu lofika pamlomo pa mtsinje. Siyani lamba wa udzu ndi mitengo m'mphepete, mabango, vetiva, katope, mkuyu. Bulugamu ayi, amamwa kwambiri ndipo pansi pake sipamera kanthu. Feteleza wa yureya ali ndi naitirojeni 46 pa 100 ndipo amasungunuka msanga, ndiye kuthira kochuluka kamodzi mvula ili pafupi ndi kudyetsa mtsinje. Thirani pang'ono kangapo, mukwirire. Sipuleya musatsukire mumtsinje, ndipo mabotolo a mankhwala asatayidwe m'zitsime zakale. Chitsime chosiyidwa ndi khomo lolunjika kumadzi a pansi, chimafunika kukwiriridwa ndi dongo nkutseka ndi simenti, osati kusandutsa dzala kapena chimbudzi monga ambiri amachitira.

AchimweneAkuGalaja
Nanga magalaja ndi mafilingi siteshoni amene akumera paliponsewa?

WaKuPlanti
Amenewo ndi oopsa mwakachetechete. Mupetulo muli mankhwala oopsa otchedwa benzene, ndipo malire a WHO ndi 0.01 miligiramu pa lita. Ndiye kuti galamu imodzi ikwana kuononga malita 100,000. Klorini samuchotsa. Thanki ya pansi ikabooka palibe amaona, imadontha zaka. Nchifukwa chake malo otere amayenera kuunikidwa kaye pansi pa Environment Management Act ya 2017, imene inakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, ndipo thanki izikhala ya makoma awiri kapena m'chipinda cha konkire, ndi timabowo toyezera m'mbali. Pagalaja, oilo wakuda asungidwe m'diramu pasimenti pansi pa denga, osathira m'ngalande kapena pamsewu kuti fumbi ligone. Manda nawonso: malangizo a WHO amati mamita 250 kuchoka pachitsime kapena kasupe wa madzi akumwa.

MayiWaKiyosiki
A kuplanti, madzi anu amachoka oyera, koma kodi amafika oyera? Onani timapaipi takuda timene timadutsa m'ngalande m'makwalalamu.

WaKuPlanti
Mwakhudza penipeni, amama. Paipi ikakhala ndi mphamvu, pobooka pamatuluka madzi. Madzi akasiya, mkati mumakhala ngati mukuyamwa, ndipo pobooka pomwepo pamalowa za m'ngalande. Ndiye madzi oyamba kubwera mpope ukatseguka musamwe, asiyeni atuluke mpaka ayere. Iyinso ndi nkhani ya malo. Paipi imafuna njira yakeyake, yokwiriridwa bwino, kutali ndi maenje a zimbudzi. Munthu akamanga mpanda kapena bafa pamwamba pa paipi, kudontha sikuoneka ndipo okonza safikapo. Choopsa china ndi kulumikiza mjigo wa panyumba ku mapaipi omwewo a madzi a board popanda chotchinga. Pampu yanu ikaposa mphamvu, madzi anu osayezedwa amalowa mumzere wa aneba onse.

Mphunzitsi_Zolozolo
Pali chitsanzo chimene chimaphunzitsidwa kwambiri. Ku Walkerton, tauni yaing'ono ya ku Canada, mu Meyi 2000 kunagwa mvula yamphamvu, ndowe za ng'ombe za pamunda woyandikana zinalowa m'chitsime chosaya cha tauniyo, klorini anali wosakwana. Anthu 7 anamwalira, pafupifupi 2,300 anadwala. Zitatero boma la Ontario linapanga Clean Water Act ya 2006, yoti dera lililonse lijambule mapu a kumene madzi ake amachokera ndi kuletsa ntchito zoopsa m'menemo. Ngati zinachitika kwa a zipangizo zonse aja, kuli bwanji dambo la Chibavi mu Epulo. Tonse tikukumbukira madzi osefukira a Epulo 2016 mmene anasakanizira zimbudzi ndi zitsime m'madera otsika.

NyaChibavi
Ndaphunzira zambiri, koma Loweruka sindikanena za Canada. Lamulo la kuno ndi liti, ndipo tigogode khomo liti?

Loya_Wapansipamtengo
Malamulo alipo angapo ndipo lililonse lili ndi khomo lake. Physical Planning Act ya 2016 ndiyo imati chomanga chizikhala ndi chilolezo cha a mapulani, ndipo mumzinda muno khomo lake ndi khonsolo. Mawu oti poloti ndi yanga salola munthu kumanga chilichonse pena paliponse. Public Health Act, yakale ya 1948 koma ikugwirabe, imapatsa a zaumoyo mphamvu pa chinthu choika moyo wa anthu pa chiswe, kuphatikizapo kuipitsa madzi akumwa, ndipo ndiyo njira yachidule pa nkhani yanu. Water Resources Act ya 2013 inakhazikitsa National Water Resources Authority, imene imapereka zilolezo zokumba mijigo ndi kutunga madzi, ndipo imaletsa kuipitsa madzi. Waterworks Act ya 1995 ndiyo ya ma board asanu a madzi.

Dongosolo lake, yambani ndi buloku lida ndi mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu, abwere aone dzenje lisanaikidwe silabu. Zikakanika, kalata ku ofesi ya zaumoyo kukhonsolo, yosainidwa ndi nyumba zonse 12, yokhala ndi deti, miyezo itatu ija ya mamita 11, mamita 3 ndi mita imodzi, kajambulidwe kosonyeza kumtunda ndi kumunsi, ndi zithunzi. Sungani kope yodindidwa. Musakwirire dzenje la mwini nokha usiku, mlandu ungatembenukire inu.

Landilodi_Chiputula
Ndipo mukamuletsa munthuyo azipita kuti? Kuthengo? Pamenepo ndiye mwateteza chitsime?

MmisiriWaMijigo
Apite ndi yankho m'manja, asapite ndi chiletso chokha. M'malo a madzi apafupi dzenje silipita pansi, limakwera m'mwamba. Njira yoyamba ndi chimbudzi cha zipinda ziwiri chomangidwa pamwamba pa nthaka, pansi pake pa konkire, chopatula mkodzo, chimene ambiri amachitcha Skyloo. Mukatha mumathira phulusa ndi dothi, chipinda chimodzi chikadzaza mumatseka miyezi 6 kapena kuposa, chaka nchabwino koposa poti mazira a njoka za m'mimba amachedwa kufa, uku mukugwiritsa chinacho. Chimalephera pamene alendi ambiri akuthiramo madzi osamba kapena phulusa likusowa, chimanyowa nkuyamba kununkha. Njira yachiwiri ndi thanki yomata bwino yosadontha, yopopedwa ikadzaza, koma pasiyidwe njira yoti opopa afike, ndipo zopopazo zipite kumaiwe ake a khonsolo, osati kudambo usiku. Mzinda uno ulibe suweji yofika m'madera onse, ndiye kupopa si chinthu chochitira manyazi. Chenjerani ndi septiki wamba. Thanki yake imangogwira zolimba, madzi ake amapita m'dzenje lomwetsera, ndipo dzenje limenelo likakhala m'madzi a pansi limaposa chimbudzi chokumba kuipa, chifukwa limalandira malita ambiri tsiku lililonse.

Kwa amene sanamange, kumbani kadzenje koyesera mu Epulo, osati mu Okutobala. Ngati ndi chilimwe, yang'anani mtundu wa dothi. Pamene lofiira lathera nkuyamba lotuwa la madontho a dzimbiri, pamenepo ndi pamene madzi amafika dzinja.

Mlangizi_Zaumoyo
Komanso yezetsani madziwo tsopano, chimbudzi chisanayambe kugwira ntchito, kuti mukhale ndi poyambira. Botolo likhale lochokera kulabu, losatsukidwa ndi madzi a pachitsime, liikidwe m'bokosi la ayezi ndipo lifike pasanathe maola 6. Pemphani E. coli ndi nitrate. Powerenga zotsatira dziwani kuti muyezo wa Malawi Bureau of Standards wa zitsime ndi mijigo, MS 733, umalola tizilombo ta m'chimbudzi mpaka 50 pa mamililita 100, pamene WHO imati 0. Ndiye pepala likati madzi akwana muyezo, funsani kuti muyezo uti. Mudzayezenso mvula ikakhazikika. Zotsatira za chilimwe zokha zimanamiza.

GogoWaMasasa
Ndipo mukapita kwa bamboyo musapite gulu ngati mukukagwira mfiti. Atumeni awiri aulemu, mumuuze kuti ana akenso adzamwa pomwepo mpope ukauma.

NyaChibavi
Yewo chomene nonse. Tikapempha aimitse kaye kukumba mpaka alangizi aone, ndipo tikambirana zosonkherana matumba a simenti kuti chikhale chokwera. Koma pamene ndimayeza dzulo ndapezanso kuti khola la nkhumba la mmodzi wa ife a komiti lili mamita 8 kuchoka pachitsime chomwecho, chammbali. Limenelo tilitani?

MmisiriWaMijigo
Liyambe kusamuka ndi limenelo, musanapite kwa bambo uja. Apo ayi akakuyezerani ndi tepi yanu yomweyo.